Kujambula maluwa m'munda: sukulu yotsegula maso a mlimi

Mwezi wa Januwale aliyense amakhala kalikiliki ndi kupalira komanso kubandira. Choncho munthu wodutsa m'njira akhoza kuseka ataona alimi akuluakulu atakhala pansi m'mphepete mwa munda, makasu ali potero, aliyense atagwira pensulo ndi chikatoni, maso ali pa duwa la dzungu. Angaganize kuti anthuwa abwerera ku sitandade 1. Koma kujambula mbewu m'munda ndi imodzi mwa njira zimene sukulu za alimi zophunzirira kumunda zimagwiritsa ntchito, ndipo nyengo ino ya dzinja, pamene chimanga, mtedza, maungu, nyemba ndi khobwe zili pa maluwa, ndiyo nthawi yake yeniyeni.

Chifukwa chake n'chosavuta. Zokolola zambiri zimene timayembekezera mu Epulo ndi Meyi zimayambira pa duwa. Duwa likayoyoka, likadyedwa ndi tizilombo kapena likapanda kulandira mungu, nkhokwe imakhala yopepuka, ngakhale masamba atabiriwira chotani. Komatu ambiri mwa ife timadutsa maluwawa tsiku ndi tsiku osawayang'anitsitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kujambula kumamukakamiza munthu kudekha.

Kumene njirayi inachokera

Sukulu za alimi zophunzirira kumunda zinayamba m'dziko la Indonesia m'chaka cha 1989 mothandizidwa ndi bungwe la FAO. Alimi a mpunga kumeneko anali pa vuto. Ankapopera mankhwala kwambiri, koma tizilombo toyamwa mpunga tinkangochulukirachulukira. Zinapezeka kuti mankhwalawo ankaphanso akangaude ndi tizilombo tina timene timadya tizilombo toonongato, ndiye toononga tinkaswana popanda wotiletsa. Kuuza alimi pakamwa kuti achepetse kupopera sikunathandize kwenikweni. Chimene chinathandiza n'chakuti alimiwo aone okha.

Anayamba kukumana kamodzi pa sabata, gulu la anthu pafupifupi 25, n'kugawana m'timagulu ta anthu asanu. Kagulu kalikonse kankalowa m'munda, kuyang'ana mbewu kuyambira kumizu mpaka kunsonga, kenako n'kujambula pa pepala lalikulu zonse zimene kaona: mbewuyo pakati, tizilombo toononga mbali imodzi, tizilombo tothandiza mbali inayo, dzuwa kapena mitambo pamwamba. Akatero ankaonetsana zojambulazo n'kugwirizana chochita sabata imeneyo. Njirayi inafalikira m'mayiko ambiri, ndipo kuno ku Malawi alangizi a zaulimi ndi alimi otsogolera anzawo amaigwiritsanso ntchito m'minda yachitsanzo.

Ndipo tisaganize kuti kujambula ndi zachilendo kwa mlimi wa kuno. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Zambiri mwa zojambula zoyera za kumeneko anajambula ndi makolo athu achichewa, amene anali alimi, pogwiritsa ntchito dothi loyera. Ngakhale lero amayi ambiri amakongoletsa zipupa za nyumba zawo ndi dothi lamitundumitundu. Luso lilipo kale, chatsala n'kulitengera kumunda.

Bwanji osangojambula ndi foni?

Foni ndi yothandiza, makamaka mukafuna kutumiza chithunzi cha matenda kwa alangizi pa WhatsApp. Koma foni imatola chithunzi m'kanthawi kochepa mwini wake asanaone kalikonse. Pensulo siyenda yokha. Kuti mujambule duwa la khobwe muyenera kulitembenuza, kuliwerenga mbali zake, kulitsegula ndi kuona zimene zili m'kati. M'mphindi 20 zimene mwakhala pansizo mudzaona njuchi zingati zatera, mavu angati adutsa, ndiponso kambozi kamene kanabisala kuseri kwa duwa.

Ubwino wina ndi wakuti chojambula sichisankha wopita kusukulu. Gogo amene sadziwa kulemba akhoza kujambula kachikumbu kamene wakaona, n'kuika timizere tisanu pambali pake kusonyeza kuti anatiwerenga tisanu. Palibe amene akupikisana pa kukongola kwa chithunzi. Chofunika n'chakuti mnzanu akachiona azindikire chimene mwajambula.

Utoto ndi zipangizo za pakhomo pomwe

Simufunika kupita m'tauni. Pepala likhoza kukhala kuseri kwa kalendala yakale, katoni yong'ambidwa bwino kapena kope la mwana lotsala masamba. Pensulo imodzi ikhoza kudulidwa pawiri. Gulu likakhala ndi kandalama, paketi imodzi ya chekeni imakwanira anthu asanu.

Utoto mukhoza kupanga nokha. Dothi la katondo limapereka mtundu wofiira, makala osinja bwino amapereka wakuda, laimu kapena dothi loyera limapereka woyera, ndipo ufa wa chikasu umene timathira m'ndiwo umapereka wachikasu. Masamba a nkhwani kapena a nyemba osinja n'kufinya amapereka wobiriwira. Chidede chowiritsa m'madzi ochepa chimapereka wofiira woderako. Mukadonthezamo madzi a mandimu mtunduwo umawala, pamene madzi a phulusa amausandutsa wobiriwira moderako. Dothi ndi makala muzisefe ndi kansalu, kenako musakanize ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kapena utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi kuti utoto umatirire pa pepala.

Dziwani kuti utoto wa masamba ndi maluwa umazilala pakapita masabata, pamene wa dothi ndi makala umakhalitsa. Choncho yambani ndi kujambula mizere ndi pensulo, utoto ubwere pambuyo. Burashi ikhoza kukhala nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kophwanya kunsonga ndi mwala. Musatafune kamtengo kamene simukudziwa, ndipo pewani nkhadze chifukwa utomoni wake umaononga maso. Musasakanizire utoto m'botolo limene munali mankhwala a mbewu. Zitsekerero za mabotolo a zakumwa zimakwanira.

Dzungu: maluwa awiri pa chomera chimodzi

Yambani ndi dzungu chifukwa maluwa ake ndi akuluakulu. Pitani m'mamawa, poti duwa la dzungu limatseguka kukamacha, n'kufota dzuwa likafika pamutu, ndipo silitsegukanso. Jambulani maluwa angapo moyang'ana kumunsi kwake. Mudzaona kuti ena ali pa kaphesi kakatali kowonda, pamene ena ali pa kaphesi kakafupi ndipo pansi pa duwa pali kadzungu kakang'ono. Oyambawo ndi aamuna, amene amatulutsa mungu. Achiwiriwo ndi aakazi, amene amabereka.

Mlimi amene wajambula zimenezi amamvetsa zinthu zitatu. Choyamba, maluwa oyamba kutuluka amakhala aamuna, ndiye kuyoyoka kwawo si matenda. Chachiwiri, pothyola chiluwe cha ndiwo tizithyola aamuna okha, ndipo tizisiyako ena kuti mungu upezeke. Amene amathyola chisawawa amadya maungu ake akadali maluwa. Chachitatu, mungu wa dzungu ndi wolemera ndiponso womata, mphepo siutenga. Amaunyamula ndi njuchi. Kadzungu kakasanduka kachikasu n'kugwa kakadali kakang'ono, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti duwa silinalandire mungu wokwanira. Kumene njuchi zachepa, thyolani duwa lalimuna m'mamawa, chotsani masamba ake achikasu, n'kukhudzitsa pang'onopang'ono kamutu ka mungu pakati pa duwa lalikazi.

Chimanga: ndevu iliyonse ndi njere

Ambiri sationa chimanga ngati mbewu ya maluwa, koma ngayaye ndi duwa lalimuna ndipo ndevu ndi mbali ya duwa lalikazi. Thyolani chimanga chimodzi chanthete chimene changotulutsa ndevu, senderani makoko ake mosamala, n'kujambula zimene mukuona. Ndevu iliyonse yalumikizika ku malo a njere imodzi. Ndevu imene siilandira mungu, njere yake siikhwima. Ichi ndicho chiyambi cha chitsononkho cha magweru chimene timadandaula nacho pokolola.

Ngayaye zimatulutsa mungu kwa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ng'amba ikagwa nthawi imene chimanga chikumasula, ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo zikamatuluka mungu umakhala utatha. N'chifukwa chake ng'amba ya nthawi imeneyi imapweteka kuposa ya nthawi ina iliyonse. Lembani pa chojambula chanu tsiku limene munabzala, tsiku limene theka la munda linamasula ndi tsiku limene ndevu zinatuluka. Mukachita zimenezi pa mitundu iwiri kapena itatu ya chimanga, chaka chamawa mudzasankha mbewu mukudziwa kuti ndi iti imene imamasula msanga m'dera lanu. Mudzaonanso ndi maso anu kusiyana kwa mizere yophimbira ndi mapesi, imene imasunga chinyezi, ndi mizere ya dothi lapambalambanda.

Mungu wa chimanga umayenda ndi mphepo. Amene mumasunga mbewu ya makolo, onani ngati munda woyandikana nawo wa chimanga cha haibulidi ukumasula nthawi imodzi ndi wanu. Ngati zili choncho, mbewu ya chaka chamawa musankhe pakati pa munda, osati m'mphepete.

Poyang'ana ndevu, yang'ananinso mbozi. Ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa maboma 28 mu Disembala 2017, zimalowanso m'chimanga chanthete. Jambulani mutu wa mbozi ndi kumchira kwake. Mbozi imeneyi ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi chakumchira. Amene wajambula zizindikirozi kamodzi sadzaisokonezanso ndi kapuchi.

Mtedza: duwa pamwamba, chipatso pansi

Mtedza umayamba maluwa pakatha mwezi kapena kupitirirako pang'ono chibzalireni. Timaluwa take tachikasu timatuluka kumunsi kwa nthambi. Kaduwa kakafota, pamalo pake pamatuluka kansonga kooneka ngati muzu, kamene kamaloza pansi, kulowa m'dothi, n'kuyamba kutupa kunsonga. Pamenepo ndiye pamakhala mtedza. Zulani phando limodzi mosamala n'kujambula magawo onse atatu: duwa, kansonga kolendewera ndi kamtedza kanthete.

Chojambula chimenechi chimathetsa mkangano wa kapaliridwe. Khasu likadutsa pafupi ndi phando nthawi imeneyi limadula tinsongato, ndipo kansonga kalikonse kodulidwa ndi mtedza wotayika. Kupalira ndi khasu kuthe maluwa asanachuluke. Udzu womera pambuyo pake uzulidwe ndi manja. Onaninso kunsonga kwa nthambi ngati kuli nsabwe, chifukwa ndizo zimafalitsa matenda a kadukutu, makamaka mu mtedza wobzala mochedwa ndiponso motalikana.

Khobwe, nyemba ndi nandolo: gwedezani duwa pa pepala

Pepala loyera lili ndi ntchito ina. Thyolani maluwa khumi a khobwe m'malo osiyanasiyana a munda, n'kuwagwedeza kapena kuwatsegula pamwamba pa pepalalo. Mukaona tizilombo takuda tating'onoting'ono tooneka ngati timizere tikuthamanga, dziwani kuti ndito timayoyola maluwa asanabereke. Werengani kuti tili tingati pa duwa lililonse n'kulemba. Ngati duwa labooledwa kapena lamatidwa ndi ulusi wonga wa kangaude, m'kati muli mbozi yoboola zitheba. Ziwerengerozi mukawaonetse alangizi kuti akuuzeni ngati nthawi yopopera yakwana. Safunsa anadya phula.

Pa maluwa a nyemba, khobwe ndi nandolo pamateranso chikumbu chachitali chakuda chokhala ndi mizere yachikasu kapena yofiira, chimene chimadya maluwa enieniwo. Chijambuleni chili pomwepo. Musachigwire ndi manja, chifukwa madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. Valani pepala la pulasitiki kumanja kapena chigwetsereni m'chitini cha madzi a sopo m'mamawa chisanayambe kuuluka.

Mbali ina ya pepala muike abwenzi a mlimi: kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamene kamadya nsabwe, akangaude, chiswamphika, mavu ndi nyerere zimene zimagwira mbozi, komanso njuchi. Gulu likaona kuti abwenzi achuluka ndipo adani ndi ochepa, likhoza kudikira sabata ina osapopera, ndalama ya mankhwala n'kugwira ntchito ina. Kupopera kukafunikadi, kuchitike madzulo njuchi zitabwerera, motsatira malangizo a pa botolo ndiponso mutavala zodzitetezera.

Kaufiti: kukongola kobisa njala

Pa maluwa onse a m'munda wa chimanga, palibe lofiira mokongola kuposa la kaufiti. Koma musalijambule duwa lokha. Kumbani mosamala ndi kamtengo, tsukani dothi ndi madzi, ndipo mudzaona kuti mizu ya kaufiti yamatirira ku mizu ya chimanga. Amayamwa madzi ndi chakudya cha chimanga kwa masabata angapo asanatuluke pamwamba. N'chifukwa chake chimanga chimapinimbira ndi kufota ngati kuli ng'amba pamene dothi lili lonyowa.

Kaufiti mmodzi akhoza kubereka njere zoposa 50,000, zazing'ono ngati fumbi, ndipo njerezi zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa 10 zikudikira mizu ya chimanga, mapira kapena mawere. Duwa lofiiralo ndi chenjezo lakuti masiku atsala ochepa. Zulani kaufiti asanachite maluwa kapena akangoyamba kumene, mutulutseni m'munda n'kumutentha. Mukamusiya m'khwawa la mzere ali ndi maluwa, njere zimapitiriza kukhwima. Jambulaninso mapu a munda wanu n'kuika chizindikiro pamene kaufiti wachuluka. Chaka chamawa malo amenewo athiridwe manyowa ambiri kapena abzalidwe soya, mtedza kapena thonje. Mizu ya mbewu zimenezi imachititsa njere za kaufiti wa chimanga kumera, koma amafa posowa poyamwa.

Chenjerani ndi kaufiti wina wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Mtundu wa duwa ndiwo ukuuzeni mbewu yoyenera kubzala pa kasinthasintha. Apa ndiye pamaonekera phindu la utoto: pensulo yokha singasiyanitse kufiira ndi chikasu.

Mmene mungayendetsere tsikulo

Nthawi ino ntchito ndi yambiri ndipo m'makomo ambiri chakudya n'chochepa, ena ali pa ganyu. Choncho msonkhano usapitirire maola awiri. Kumanani mame akangoyamba kuuma, pamene maluwa ali otseguka ndipo tizilombo tayamba kuyenda. Gawanani m'timagulu ta anthu asanu, amayi ndi abambo pamodzi. Kagulu kalikonse kayende modutsa pakati pa munda, osati m'mphepete mokha, n'kuyang'ana mapando khumi otalikirana. Theka la ola likhale loyang'ana ndi kuwerenga, theka lina lojambula pamthunzi, ndipo nthawi yotsalayo ikhale yoonetsana ndi kukambirana.

Pa pepala lililonse pakhale tsiku, dzina la mbewu ndi mtundu wake, tsiku lobzala, mmene nyengo ilili, ndi chiwerengero cha maluwa, adani ndi abwenzi. Pansi penipeni palembedwe chimene gulu lagwirizana kuchita: kuzula kaufiti, kusiya khasu mu mtedza, kuitana alangizi kapena kudikira. Sabata yotsatira muyambe ndi pepala lomwelo kuti muone ngati zinathandiza. Mukakumana Loweruka, tengani ana a sukulu. Maso awo ndi akuthwa, ndipo akhoza kuthandiza kulemba.

Chomera chimene gulu lonse lalephera kuchizindikira, chiikeni pakati pa mapepala a nyuzi pamodzi ndi duwa lake, n'kutsamiritsa ndi chinthu cholemera mpaka chiume. Umu ndi mmene akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba amasungira zomera. Alangizi akabwera adzaone chomeracho pamodzi ndi chojambula chosonyeza mtundu wa duwa lisanaume.

Mapepala asatayidwe

Mvula ikamatha, maluwa ena amayamba: mpendadzuwa, nandolo, deliya wa m'mphepete mwa misewu ndi ombwe. Gulu likapitiriza mpaka nthawi imeneyo, lidzakhala ndi mulu wa mapepala osonyeza mwezi umene chomera chilichonse chimachita maluwa m'mudzi mwanu. Oweta njuchi adzadziwa miyezi imene njuchi zimasowa chakudya ndi zomera zoyenera kusiya m'malire a munda. Olima mpendadzuwa adzaona kuti mutu umodzi ndi timaluwa tambirimbiri totseguka kuyambira m'mphepete kulowa pakati, ndipo kumene njuchi zachuluka njere zamphwephwa zimachepa.

Sungani mapepalawa m'thumba la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi kudontha kwa denga. Mwezi wa Okutobala, pokambirana za mbewu yogula ndi malo obzala, atulutseni. Sabata ino yambani ndi duwa limodzi la dzungu kuseri kwa nyumba: litembenuzeni, onani ngati pansi pake pali kadzungu, n'kulijambula dzuwa lisanakwere.